Tsiku Limene Ndinatseka Makatani

Mu msewu wathu kuno ku Harlingen palibe amene amatseka makatani. Alipo ndithu, oyera bwino, koma ntchito yawo ndi kulendewera m'mbali mwa zenera basi. Ukamadutsa umaona amene akusenda mbatata, amene akusita, amene wagona pampando kukamwa kuli yasa. Tinaleredwa kuti wotseka makatani ndiye kuti ali ndi chobisa. Masana amatsekedwa pa chifukwa chimodzi chokha, m'nyumba mukagwa maliro, ndipo neba wapafupi akangoona amasiya zonse nawoloka msewu osadikira kuitanidwa. Ine Aleida ndinawatsekapo kamodzi, tsiku limene mwamuna wanga Wiebe anatisiya. Zaka zina zonsezi ndakhala poyera ngati nsomba ya pamsika, osadandaula. Ndinayamba kudandaula chaka chino, chifukwa cha Tineke.

Tineke ndi neba wanga wa tsidya la msewu, khomo lake loyang'anizana ndi langa. Tinakwatiwa chaka chimodzi, amuna athu anapita motsatizana, kiyi wanga ali kwa iye ndipo wake ali kwa ine. Ndi munthu wabwino, ndisaname. Vuto ndi lakuti Mulungu anamupatsa maso akuthwa n'kumumana chochita nawo.

Ntchito yanga inali yopenta matailosi pa fakitale ina kuno kwathu. Kabwato kabuluu, kamwana kothamangitsa gudumu, kambalame pa nthambi, tailosi limodzilimodzi losaposa chikhatho changa. Ndikamaliza ankaliwotcha, kuliika m'bokosi, ulendo. Kumene linkathera sindinkakudziwa. Koma ndinkamva kuti ku Portugal matailosi amavala nyumba yonse, tchalitchi chonse, ngakhale siteshoni ya sitima, chithunzi chimodzi kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinkamuuza Wiebe kuti tipiteko. Iye ankati chaka chamawa, kenako n'kumangirira kalavani, kanyumba kathu ka matayala, kumbuyo kwa galimoto, kulongedza thumba la mbatata za kwathu ngati kwinako anthu sadya, n'kutitengera kunkhalango yomwe ija ya ku Drenthe. Chaka chamawacho anapita nacho kumanda.

Ndiye m'nyengo yozizira yapitayi dokotala wa maso anandiuza mosapita m'mbali. Pakati pa chilichonse chimene ndayang'ana pamakhala chibanga chotuwa, ndipo chikukula. M'mbali ndimaona. Ndikafuna kuona chinthu ndimapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona chimanga pansi. Dokotala anati, "Mayi, ngati pali chimene mukufuna kuona, kachioneni chaka chino." Ndinathokoza, ndinavala chipewa, ndinapita kukagula mapu a Portugal. Sindinauze munthu aliyense.

Mapuwo ndinawayala pa tebulo la pazenera chifukwa m'pamene pali kuwala. Zolemba ndi pensulo sindiziona, choncho ndinasokerapo mabatani. Akuluakulu atatu ndiwo mizinda yogonamo: Porto poyamba, kenako Coimbra, kumalizira Lisbon. Aang'onoang'ono ndiwo malo opita m'mawa pa sitima n'kubwerera madzulo ku bedi lomwelo, monga Aveiro kuchokera ku Porto, ndi Sintra kuchokera ku Lisbon. Ndinkayendetsa chala kuchoka pa batani ili kupita pa ilo mpaka ulendo wonse unakhala m'mutu. Chotsala chinali matikiti ndi malo ogona, ndipo zimenezi masiku ano zili m'kompyuta, m'tizilembo tating'ono ngati nsabwe. Za pakompyuta amandichitira ndi Hidde, mwana wanga yekhayo, amene amakhala ku Zwolle ndi mkazi wake Renske. Ndinati ndidzamupempha pa tsiku langa lobadwa, za maso osatchula.

Tsikulo mipando tinaizunguliza monga mwa nthawi zonse. Mwa mwambo wa kwathu, aliyense wolowa anagwira chanza onse, kuyamikira Hidde chifukwa cha amayi ake, kuyamikira Tineke chifukwa cha neba wake, mpaka onse anakhala pansi kapu ili m'manja, keke ili pa bondo. Nditaona kuti pakamwa padzaza ndinati, "Mwezi wa Meyi ndikupita ku Portugal. Ndekha. Hidde, undigulira matikiti."

Palibe amene anadabwa, ndipo chimenechi ndicho chinandidabwitsa ine. Renske anayang'ana mwamuna wake. Hidde anapisa dzanja m'thumba la jekete natulutsa kabuku konyezimira kamene kanali katapindidwa kale pakona.

"Amayi, taonani apa. Ulendo wa basi wa anthu a msinkhu wanu. Amakutengani pakhomo, chikwama amanyamula okha, pali wolondolera wolankhula chilankhulo chathu. Mizinda isanu ndi itatu. Porto alipo, Lisbon alipo."

"Wadziwa bwanji za Porto? Sindinakuuze."

Anakanda kukhosi. "Tikudziwanso za maso, amayi."

"Tikudziwa ndani?"

Tineke anali atayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche. Kenako anadzutsa mutu, poti manyazi sakhalitsa pa nkhope yake. "Ndine ndinamuuza. Ndinakuona ukuthira khofi pambali pa kapu, osati kamodzi. Ndiponso tsiku lonse mphuno ili pa mapu ngati ukuwanunkhiza. Ukanakhala iwe ukanangokhala chete?"

"Ndikanawoloka msewu n'kudzakufunsa iweyo, mwini maso."

"Ukanandiyankha?"

"Ayi. Koma ukanakhala utafunsa."

Renske, mwana wa eni ake wofatsa, anati, "Tiyeni tikambirane bwinobwino mpaka tonse tigwirizane chimodzi." Kuno timakonda zimenezi. Ngakhale mtundu wa utoto wa pa mpanda timakambirana mpaka khofi atatha, aliyense apeze kachigawo kake, wina asapambane, wina asaluze. Ine ndinati, "Tonse ndani, Renske? Maso akufawa ndi a tonse?"

Ndinawalongosolera ndithu, poti si ine chitsiru. Basi imaima pa tchalitchi kanthawi kochepa, wolondolera n'kukweza ambulera, kuloza kutali uko kuti taonani kukongola kwake, anthu kujambula, kukwera, ulendo. Ine kutali sindiona. Ndiyenera kufika pafupi mpaka mpweya wanga ugunde khoma, kupendeketsa mutu, kuyenda chammbali pang'onopang'ono, tailosi ili kenako ilo, mpaka chithunzi chilumikizane m'mutu mwanga. Khoma limodzi likhoza kundidyera m'mawa wonse. Basi yanji imene ingadikire nkhalamba yonunkhiza khoma? Ndingapite mizinda isanu ndi itatu n'kubwerako nditaona mipando ya basi yokha.

"Nanga pa siteshoni?" anatero Hidde. "Nambala ya sitima mudzaiwerenga bwanji? Magalimoto pa msewu? Masitepe?"

"Pakamwa ndili napo. Ndidzafunsa."

"M'chilankhulo chanji?"

"Cha manja. Ndinalera iwe usanadziwe kulankhula, ndipo tinkamvana."

Ena anaseka, koma iye sanaseke. Anatseka kabuku kaja nati, "Matikiti a ulendo wanuwo ine sindigula. Ndikagula ndiye kuti ndakukankhirani ndekha pansi pa sitima. Ya basiyi ndigula lero lomwe mukangovomera."

"Ndiye bweza kabuku kako m'thumba. Renske, zunguliza tchizi, anthu ali ndi njala."

Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti mwanayo amandikonda. Munthu wokuda ukhoza kumutulutsa pakhomo. Wokukonda amakumanga manja akumwetulira, iwe n'kumathokozanso.

Masabata otsatira ndinayesa ndekha. Ndinapita m'tauni pa sitolo imene kale inkakonza za maulendo, ndinapeza akugulitsa mafoni. Ndinaimba foni ku kampani ya ndege, mawu a makina anandiuza mwaulemu kuti ndipite pa intaneti. Ndinakhala pa kompyuta ndi galasi lokulitsa zilembo, kusaka chilembo chimodzichimodzi, ndikangofika pakati tsamba n'kutha nthawi, kuyambiranso. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kugula ulendo wa ku Poland. Meyi anali akuyandikira, ndipo chibanga chija sichinkadikira kuti tigwirizane. Tineke sindinkamupatsa moni. Iye ankakwezabe dzanja pazenera lake m'mawa uliwonse ngati palibe chachitika.

Kenako Lamlungu lina Hidde anaimba foni. Tinakamba za mvula, za ntchito yake, kenako anati, "Ndamva kuti mukumakhala pa kompyuta tsiku lonse. Musadzivutitse choncho, amayi, maso atopa. Malo mu basi ija akadalipo."

"Wamva kwa yani?"

Yankho ndinkalidziwa kale. Ndinaika foni pansi. Ndinayang'ana tsidya la msewu, chammbali monga ndimachitira, ndipo ndinaona kamthunzi koyera pazenera la Tineke. Ndinati chabwino mayi, umakonda kuona. Mawa uona.

M'mawa mwake ndinasamba, ndinavala diresi langa labwino, ndinaphika khofi wa anthu awiri. Ndinayatsa kompyuta ndi nyale ya patebulo. Dzuwa litakwera bwino, nthawi imene msewu wonse uli maso, ndinagwira katani la kumanzere n'kukoka. Linakana. Mphete zake zinali zisanasunthe chimwalirire Wiebe. Ndinakoka ndi manja awiri mpaka linalira kwee, fumbi n'kundigwera kumaso. La kumanja linabwera mosavuta. M'nyumba munada, ine n'kukhala pampando manja ali pa mapu. Sikuti ndinkaopa Tineke, koma mdima umenewu ndinkaudziwa, ndipo unandikumbutsa zambiri.

Panapita kanthawi ndithu, kotalika kuposa mmene ndinkaganizira. Kenako ndinamva kiyi akulowa pa chitseko, akuphonya, akulowanso. Mapazi m'khonde, pang'onopang'ono. Chitseko cha pabalaza chinatseguka, Tineke n'kuima pamenepo, epuloni ili m'chiuno, mathawulo awiri oyera atawakumbatira pachifuwa.

"Lowa, khofi akuzizira," ndinatero.

Mathawulo anagwa pansi. Anatsamira chitseko, n'kutsetsereka nacho mpaka anakhala pansi penipeni, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri.

"Uli moyo."

"Ndili moyo."

"Mfiti iwe. Mfiti yeniyeni. Zimenezi sachitira masewera, Aleida."

"Sindikusewera. Wabwera kudzatani?"

"Ukudziwa chimene ndabwerera."

"Nena ndi pakamwa pako."

Anapukuta mphuno ndi epuloni. "Kudzakusambitsa. Kudzakutseka maso."

"Maso akutsekeka okha, sakufuna thandizo. Tandiuza, ndikanakhala nditafadi, ukanakhala nane masiku angati?"

"Atatu. Ngati mmene ndinachitira pa Wiebe. Ngati mmene unachitira iwe pa mwamuna wanga."

"Ukanasiya zochapa zako, ukanasiya msika, ukanayenda khomo ndi khomo, ukanaphika khofi wa msewu wonse. Zonsezo kuchitira mtembo umene sungathokoze n'komwe. Ine ndikupempha m'mawa umodzi ndikadali wofunda. Maso akowo akhala akundidya chaka chonse kudzera pazenera. Lero agwire ntchito. Dzuka, khala apa, undiwerengere."

Sanadzuke. Anandiyang'ana, ndipo ngakhale nkhope yake sindinkaiona bwino, ndinamva kuti pali china.

"Ndamuimbira Hidde," anatero.

"Wamuimbira usanawoloke?"

"Miyendo inakana, Aleida. Ndinangoti ndimve mawu a munthu."

"Mwambo umati neba ayambe waona ndi maso ake, kenako auze abale."

"Mwambo umatinso wotseka makatani akhale ndi maliro."

Apo anandipeza. Ndinafunsa chimene anamuuza. Akuti anangoti, makatani a amayi ako ndi otseka, Hidde n'kudula foni osanena kanthu. Mwana wokulira mu msewu uno safunika kumulongosolera. Tinamuimbira pa foni ya Tineke, inangoitana. Tinaimba pa ya m'nyumba mwanga, inangoitana. Tinaimbira Renske ku ntchito, anati Hidde sanamuuze chilichonse, ayesa kumupeza. Mwana wanga anali pa msewu waukulu, akuyendetsa galimoto akudziwa kuti amayi ake afa, ndipo wochititsa ndinali ine. Ndinachita manyazi ndiponso mantha, mantha enieni, oti angachite ngozi chifukwa cha makani anga. Msampha ndinatchera Tineke, koma unagwira mwana wanga.

Ndinakokera mpando wina pafupi ndi kompyuta.

"Khala apa."

"Mwana wako akulira pa msewu, iwe ukufuna matikiti?"

"Kulira kwake sindingakuletse ndili pano. Uziimbabe foni ndi dzanja limodzi. Linalo ligwire apa. Akafika ndisanagule, andigwira manja, andilirira pa bondo, ndipo ndivomera basi ija chifukwa cha chisoni. Ndikudzidziwa. Werenga, Tineke."

Anatukwana chapansipansi mawu amene sindingalembe, koma anakhala. Anavala magalasi ake. Ndinamuuza kuti tiyambe ndi ndege ya ku Porto, yobwerera inyamukire ku Lisbon. Anawerenga masiku, ine n'kusankha. Poyamba ankawerenga ngati akuwerenga chigamulo cha khoti, koma Tineke ndi Tineke, sangaone chinthu osaikapo maganizo ake. Posakhalitsa anayamba kulamula.

"Hotela iyi ayi. Taona masitepe ake. Aa, iwe suona. Masitepe ngati opita kumwamba. Iyi ili pafupi ndi siteshoni, ukangotuluka wafika."

"Siteshoni yake iti? Ndikufuna ya matailosi."

"Yomweyo. Abale, khoma lonseli ndi matailosi? Mahatchi, asilikali, ng'ombe zikukoka ngolo. Zonsezi anapenta ndi manja?"

"Ndi manja. Limodzilimodzi."

Anayang'anitsitsa chithunzicho, ine ndikumuchitira nsanje poyera. Kenako anakoka mapu, anapapasa mabatani anga, nati Coimbra ali paphiri, ndigone kumunsi kufupi ndi mtsinje, kumtunda ndizikwera ndi galimoto. Ndinati ndizikwera ndi miyendo. Anati ndidzafera komweko. Ndinati ndiye adzatseke makatani ndi iyeyo, poti kiyi ali naye. Pakatipakati ankaimbira Hidde, foni n'kumangoitana mpaka itadula yokha.

Titafika pomaliza pa tikiti ya ndege, chala cha Tineke chinaima m'malere.

"Hidde andipha."

"Ayamba ndi ine, iwe upeza mpata wothawa. Dina."

"Sindingathe, Aleida. Ukakagwa kumeneko wolakwa ndidzakhala ine."

"Ndiye tenga chala changa uchiike pamalo pake."

Anagwira dzanja langa, naliika pamene panayenera. Anachotsa lake. Ndinadina ndekha.

Hotela ya ku Porto inatheka, ya ku Coimbra inatheka. Tili pa ya ku Lisbon tinamva galimoto ikuima mwamphamvu panja, chitseko chake n'kumenyetsedwa. Panamveka mawu a anthu mu msewu, wina akuti pepa Hidde, pepa mwana wathu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti kunja kwadzaza. Mapazi anathamanga m'khonde, kenako anaima.

Hidde sanakuwe. Anaima pakhomo la pabalaza akupuma ngati wathamanga wapansi kuchokera ku Zwolle. Tineke ananyamuka kukatola mathawulo ake, ntchito imene inamutengera nthawi yaitali modabwitsa.

"Tinakuimbira," ndinatero. "Kambirimbiri."

"Ndinaona. Sindinafune kuyankha. Ndinati ndikapanda kumva ndi khutu langa, ndiye kuti mwina sizinachitike." Mawu ake anali ophwa. "Mukudziwa chimene mwandichita, amayi?"

"Ndikudziwa. Makataniwa ndinatsekera Tineke, osati iwe. Ndakulakwira, ndipo pepa. Koma ku Portugal ndikupita. Tikiti ndagula."

Anakhala pa mkono wa sofa, chinthu chimene ndinkamuletsa ali mwana. Anaphimba nkhope ndi manja. "Njira yonse ndimangoganiza chinthu chimodzi. Ndimati mawu amene ndasiyana nawo amayi anga ndi a malo a mu basi."

Mtima unandiwawa, koma ndinadziwa kuti ndikafewa apa ndathera pomwepa. "Ndiye wapatsidwa mwayi wonena ena. Anthu ambiri sapatsidwa."

Anachotsa manja kumaso. Ndinafuna kumuona bwino, choncho ndinapendeketsa mutu n'kuyang'ana chakumanzere kwake, kumene kuli wotchi ya pakhoma. Pamenepo nkhope yake inatulukira m'mphepete mwa chibanga. Maso anali ofiira, tsitsi lili nyankhalala, ndipo cha m'makutu munali imvi zimene sindinkazidziwa.

"Ndikulankhula nanu, inu mukuyang'ana wotchi," anatero.

"Ndikuyang'ana iwe. Ndikakuyang'ana maso ndi maso ndimaona jekete lopanda mutu. Kuti ndikuone ndiyenera kuyang'ana pambali."

"Kuyambira liti?"

"Pa Khirisimasi ndinkakuonabe pang'ono. Pa tsiku langa lobadwa ndinkalankhula ndi jekete."

Tineke anali atamuuza kale za khofi wotayika, koma izi sankazidziwa, chifukwa sizioneka pazenera.

"Ndiye mukufuna kupita nokha muli chonchi," anatero potsiriza.

"Ndikupita chifukwa ndili chonchi. Chaka chamawa sindidzakuona ngakhale nditayang'ana wotchi."

"Ine ndikuopa, amayi."

"Opa. Inenso ndikuopa. Ndikuopa sitima, ndikuopa masitepe a ku Coimbra, ndikuopa kusochera pakati pa anthu osandimva. Koma chimene ndikuopa kuposa zonsezi ndi kudzakhala pa zenera ili mu mdima, msewu wonse ukundiona ine osauona, m'mutu mulibe chilichonse choti ndiziyang'ana. Bambo ako anandisunga bwino kwambiri mpaka sindinapite kulikonse. Iwe usamalize ntchito yawo."

Ananyamuka. Ndinaganiza kuti akutuluka, ndipo ndinali wokonzeka kumusiya apite. Koma anabwera pa tebulo, naika dzanja pa mapu. Ndinamva chala chake chikugunda mabatani, lalikulu kenako laling'ono.

"Ili ndi la kuti?"

"Aveiro. Kupita m'mawa, kubwerera ku Porto madzulo."

"Sindikugwirizana nazo. Ndikufuna mudziwe zimenezo."

"Sindinakupemphe kuti ugwirizane nazo. Ndakupempha maso. Tineke watopa, ndipo Lisbon sitinamalize."

Kenako mpando unalira, anakhala pamene panali Tineke. Anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, anakokera kompyuta kwa iye, nayamba kuwerenga mayina a mahotela ndi mawu a munthu wokwiya. Pa dzina lachitatu anaima nati iyi ndi yabwino, sitima ya ku Sintra imanyamukira pafupi pomwepo, ndipo azidzandiimbira foni madzulo aliwonse, ndikapanda kuyankha akwera ndege. Ndinati aziimba, koma akaimba ndili pakhoma adikire.

Tineke anatsokomola. "Kunjaku anthu akadaimabe. Wina awauze."

"Ndiwauza ndekha."

Ndinapita pazenera, ndinagwira makatani onse awiri n'kuwakankhira m'mbali. Kuwala kunandimenya m'maso. Mu msewu munali mithunzi yakuda yambiri, ena atavula zipewa, wina atanyamula mphika umene ndikuganiza kuti unali wa supu. Nkhope zawo sindinazione, koma ndinamva phokoso lawo kudutsa galasi, ngati nkhuku zikaona kabawi. Ndinakweza dzanja, ndinawapatsa moni bwinobwino. Kenako ndinabwerera pa tebulo, ndinasolola mapu pansi pa zigongono za Hidde, ndinatenga tepi m'dirowa, n'kuwamata pa galasi, mabatani kuyang'ana kunja. Ulendo unali kale m'mutu, mapu sindinkawafunanso. Mapuwo anaphimba ndendende pamene pamaonekera tebulo ndi mpando wanga. Makatani anali otsegula monga mwa mwambo, palibe akanandinena, koma wodutsa aliyense tsopano aziona Portugal m'malo moona ine.

Tineke anayang'ana mapuwo chakumbuyo, mathawulo ali m'manja.

"Nanga ine ndizikuona bwanji?"

"Uziwoloka msewu," ndinamuyankha. "Kiyi uli naye."